Zilombo zoopsezera ana: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya fisi, mizukwa ndi zilombo zina zimene timaopsezera ana ikabuka pakati pa makolo, aphunzitsi a sukulu za mkombaphala ngakhale achinyamata amene akukumbukira ubwana wawo, mafunso ake amakhala omweomwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta kukafika ofuna kuganiza mofatsa.

Kodi zilombo zoopsezera ana ndi chiyani kwenikweni?

Ndi zinthu zoopsa zimene akuluakulu amatchula pofuna kuti mwana atonthole, agone, amalize phala, kapena asapite kumalo ena ake. "Khala chete, fisi akumva." "Ukapita wekha kudambo chilombo chikugwira." Zina ndi nyama zenizeni, zina ndi za m'nthano, ndipo zina zilibe dzina ngakhale nkhope. Mayi amangoti "chija chikubwera", zotsalazo mwana amamalizitsa yekha m'mutu mwake.

Chofunika kudziwa n'chakuti nthawi zambiri wonenayo sakhulupirira zimene akunenazo. Mayi amene akuti fisi ali kuseri kwa nkhokwe akudziwa bwino kuti kulibe kanthu. Koma pali zina, monga ufiti ndi anamapopa, zimene akuluakulu amaziopanso okha, ndipo zimenezo zili ndi mayankho ake apadera m'munsimu.

Kwathu kuno ana amaopsezedwa ndi chiyani?

Mfumu ya zonse ndi fisi. Pambuyo pake pamabwera kadzidzi wolira padenga, mizukwa ndi ziwanda za kumanda, chidangwaleza chimene amati chimaima panjira usiku, ndondocha, ndi zimphona za m'nthano zimene zimameza anthu amoyo. Amene anakulira pafupi ndi mapiri anamvanso za Amwandionerapati, tianthu tafupitafupi timene tikakumana nawe timafunsa kuti unationera pati. Ukayankha kuti "pompano" wadziputira mavuto. Woyankha mwanzeru amati anationera kutali, kuseri kwa phiri lija. Abale amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni anabwerako ndi tokoloshi, amene tsopano amadziwika ngati wakwathu konkuno.

Palinso zoletsa zopanda chilombo koma zogwira ntchito yomweyo: ukaimba mluzu usiku ukuitana afiti, ukaloza manda chala chipindika, ukakhala pa mafuwa utuluka zithupsa. Cholinga cha chomalizachi sichovuta kuchiona. Mafuwa amakhala otentha ngakhale moto utazima.

M'tauni zinthu zasintha. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale samudziwa fisi, choncho amaopsezedwa ndi apolisi, jekeseni, wamisala wa pamsika, kapena galimoto ya magalasi akuda. Kusintha kumeneku si kwabwino, ndipo chifukwa chake chafotokozedwa pa funso la jekeseni.

N'chifukwa chiyani fisi ndiye amatchulidwa kwambiri?

Chifukwa fisi si nthano chabe. Makolo athu ankakhala naye pafupi, ankamumva akulira kuseri kwa khola, ndipo ankadziwa zimene angachite. M'zaka za m'ma 1950, kudera la Mulanje ndi Phalombe afisi anapha anthu angapo chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo ana, makamaka m'nyengo yotentha pamene anthu ankagona pakhonde pothawa chifundizi cha m'nyumba. Ngakhale posachedwapa, mu 2003, nyama ina imene anthu anaitcha chilombo cha ku Dowa inapha anthu atatu n'kuvulaza ena ambiri, mpaka anthu zikwi anathawa m'midzi yawo kukabisala kuboma. Akatswiri a zanyama ankati ayenera kuti anali fisi wachiwewe, ngakhale ena mwa amene anaiona ankatsutsa.

Choncho gogo amene ankati "lowa m'nyumba, kwada, fisi akugwira" sankanama kwenikweni. Ankanena zoona mwa njira imene mwana wa zaka zinayi angamve msanga.

Chinanso n'chakuti fisi wa m'nthano ndi wadyera komanso wopusa. Kalulu amamupusitsa tsiku lililonse. Mwana amamuopa usiku, koma amamusekanso pamoto, ndipo kuseka kumeneko kumachepetsa mantha. Chilombo chabwino choopsezera mwana, ngati chilipo, chimayenera kukhala chotere: choopsa koma chogonjetseka.

Kodi ndi ife tokha amene timachita zimenezi?

Ayi ndithu. N'kovuta kupeza mtundu wa anthu umene ulibe chilombo chakechake. Ku Spain ndi ku Portugal, komanso kumayiko a ku America olankhula zinenero zawo, kuli Coco kapena Cuco, amene amadya ana osafuna kugona; wojambula wotchuka Francisco Goya anamuika pa chithunzi chimene chinatuluka mu 1799. Ku Russia kuli Baba Yaga, nkhalamba ya m'nkhalango yokhala m'kanyumba koima pa miyendo ya nkhuku. Ku Iceland kuli Grýla, chimphona chachikazi chimene chimatsika m'mapiri nyengo ya Khirisimasi kudzatenga ana osamvera kuti akakhale ndiwo. Chili ndi ana aamuna 13 komanso mphaka wamkulu wodya anthu amene sanalandire chovala chatsopano chikondwererocho chisanafike.

Kwina chilombocho chimabweradi pakhomo. Ku Austria ndi kum'mwera kwa Germany, usiku wa pa 5 Disembala, anyamata amavala zikopa ndi nyanga n'kukhala Krampus, amene amayenda ndi maunyolo ndi zikoti pambali pa Nikolasi Woyera. Wabwino alandira mphatso, wosamvera aopsezedwa.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi Namahage wa ku Oga, m'chigawo cha Akita ku Japan. Usiku wa pa 31 Disembala amuna a m'mudzi amavala nkhope zofiira kapena zobiriwira ndi zofunda zaudzu, n'kulowa nyumba ndi nyumba akubangula, kufunsa ngati muli mwana wolira kapena waulesi. Ana amathawira kumbuyo kwa makolo. Ndiyeno bambo wa pakhomopo amakhazika alendowo pansi, kuwapatsa chakudya ndi mowa, n'kuwatsimikizira kuti ana ake ndi abwino ndipo chaka chamawa adzachita bwino koposa. Zilombozo zimadalitsa banjalo n'kumapita. Taonani pamene kholo laima: silili mbali ya chilombo, lili pakati pa chilombo ndi mwana. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika mwambowu pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mu 2018.

N'chifukwa chiyani zilombo zambiri zimakhala m'madzi?

Chifukwa madzi amapha ana ambiri ndiponso mwakachetechete. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Mwana wamng'ono akhoza kumira ngakhale m'ndowa kapena m'dzenje loumbira njerwa.

Kumpoto chakumadzulo kwa England ana ankauzidwa za Jenny Greenteeth, mayi wa mano obiriwira wobisala m'maiwe ophimbidwa ndi ndere, amene pamwamba pake pamaoneka ngati kapinga woti n'kupondapo. Ku Japan kuli kappa, chilombo cha m'mitsinje ndi m'maiwe, ndipo mpaka lero zikwangwani zina zochenjeza ana m'mbali mwa mitsinje zimakhala ndi chithunzi chake. Ku Mexico kuli La Llorona, mzimu wa mayi wolira m'mphepete mwa mitsinje usiku. Kwathu, m'mbali mwa Shire ndi mitsinje ina, sipafunika n'kupeka komwe, pakuti ng'ona ndi mvuu zilipo zenizeni.

Chilombo chotere chinali ngati mpanda umene makolo ankamanga ndi pakamwa mozungulira malo oopsa, poti sakanatha kutchinga mtsinje wonse kapena kusiya kumunda kuti azilondera mwana.

Nanga nkhani ya munthu wa thumba imachokera kuti?

Imapezeka m'mayiko ambiri modabwitsa: munthu wachilendo wonyamula thumba loikamo ana. Ku Spain amamutcha hombre del saco, ku Brazil homem do saco. Krampus nayenso amabereka dengu kumsana. Kwa Asotho ndi Atswana kuli nthano ya Dimo, chimphona chimene chinatsanzira mawu a mayi a Tselane mpaka mtsikanayo anatsegula chitseko n'kuikidwa m'thumba, ndipo nthano zofanana nayo zimaimbidwanso m'midzi ya kwathu. Ku Haiti munthu wa thumbayu ndi Tonton Macoute, ndipo dzina lomweli anthu analipereka kwa gulu lankhanza limene pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, François Duvalier, anakhazikitsa mu 1959, poti nalonso linkasowetsa anthu usiku.

Kumbuyo kwa nthanozi kuli mantha enieni a kubedwa kwa ana. Mu 1910, ku Gádor kum'mwera kwa Spain, mnyamata wa zaka 7 anabedwa m'thumba n'kuphedwa ndi anthu amene ankakhulupirira kuti magazi ake achiritsa munthu wodwala chifuwa chachikulu. Ife a Malawi sitingawerenge nkhani imeneyi ngati yakutali, tikakumbukira abale athu achialubino, kuphatikizapo ana, amene akhala akubedwa ndi kuphedwa kuyambira mu 2014 chifukwa cha zikhulupiriro zabodza zofanana nazo.

Koma nthano ya munthu wa thumba ili ndi vuto limodzi lalikulu. Imaphunzitsa mwana kuopa mlendo wooneka moopsa, pamene ana ambiri ochitidwa nkhanza amachitidwa ndi munthu amene amamudziwa ndi kumukhulupirira. Mwana amafunika kuuzidwa momveka kuti asatsagane ndi munthu aliyense popanda makolo kudziwa, ngakhale akhale wowadziwa dzina, ndipo kuti chilichonse chimene wamkulu wamuuza kuti abise ayenera kudzachinena kunyumba.

Kodi Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa zoopsezera ana?

Funsoli limabwera pafupipafupi chifukwa magule amatchedwanso zilombo, ndipo palibe amene anakulira m'chigawo chapakati osathawapo gule. N'zoona kuti makolo ena amati "ukapitiriza mwano tikuitanira gule". Koma kuika Gule Wamkulu m'gulu limodzi ndi Coco n'kuupeputsa.

Gule Wamkulu ndi mwambo wauzimu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Umavinidwa pamaliro, pachinamwali, polonga ufumu, komanso pa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. UNESCO inauzindikira mu 2005. Kasiyamaliro, Chadzunda, Maliya, Simoni ndi magule ena aliyense ali ndi nyimbo ndi phunziro lake, ndipo maphunziro ambiri amalunjika kwa akuluakulu: za ukwati, ulesi, dama, kuledzera, ulemu kwa makolo. Wofuna kumvetsa angapite ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene magule mazanamazana amafotokozedwa tanthauzo lake.

Kumene anthu ena agwiritsa ntchito gule pomenya odutsa kapena kuthamangitsa ana popanda chifukwa, eni mwambo ndi mafumu ndi amene amakhala oyamba kudandaula.

Kodi kuopseza mwana kumagwiradi ntchito?

Kwa mphindi zochepa, inde. N'chifukwa chake mwambowu sunathe. Mwana wa zaka zitatu kufika zisanu ndi chimodzi sanayambe kusiyanitsa bwino zenizeni ndi zopeka, ndipo chimene mayi ake anena kwa iye ndi choonadi basi.

Koma chimene waphunzira ndi kuopa, osati chifukwa chake. Mwana amene sapita kuchitsime poopa chilombo, tsiku limene mnzake adzamuuze kuti chilombocho kulibe adzapitako, ndipo adzapita mobisa. Amene anatengedwa n'kukaonetsedwa chitsimecho ali m'manja mwa bambo ake, n'kuponyamo mwala kuti amve kutalika kwake, amakhala ndi chinthu chimene mnzake sangamulande.

Ndiponso mantha ogonetsera mwana amadzitsutsa okha. Munthu wamantha sagona. Amangokhala chete maso ali gwa mumdima.

Kodi zingamuvulaze mwana m'maganizo?

Zimatengera mwanayo, msinkhu wake, ndi mmene zikuchitikira. Nthano yoopsa yokambidwa pamoto, ana ali pamodzi akuyankha "tili tonse", gogo ali pompo, ndipo pamapeto chimphona chang'ambidwa mimba anthu onse n'kutuluka amoyo, siivulaza ana ambiri. Amachita tsemwe, amafinyikira kwa anzawo, mawa amapemphanso yomweyo.

Chosiyana ndi ichi: mwana wa zaka zitatu akulira usiku, mayi atopa, wina azemba kutuluka panja n'kuyamba kukanda chitseko ndi zikhadabo akutsanzira kulira kwa fisi, ndipo mayi akuti "wamumva? Ndikutsegulira akutenge." Mwanayo atonthola ndithu. Koma wamva munthu amene amamudalira kuposa wina aliyense akunena kuti akhoza kumupereka. Pamenepo ndi pamene pali bala, osati pa fisiyo. Kumutsekera mwana panja mumdima kapena m'chipinda chamdima kuti "chimugwire" ndi nkhanza, ngakhale ifeyo tinakulira momwemo.

Zizindikiro zoti zafika poipa ndi kulota zoopsa usiku ndi usiku, kuyambiranso kukodza pogona atasiya kale, kukana kupita kuchimbudzi ngakhale masana, ndi kukakamira mayi mosalekeza.

Cholakwika n'chiyani kunena kuti "adokotala akubaya jekeseni" kapena "ndikuitanira apolisi"?

Pitani kusikelo tsiku la katemera mukaone. Mwana amene wangoona yunifolomu yoyera wayamba kale kukuwa ndi kupalapata, namwino asanamukhudze n'komwe, mpaka amayi awiri kumugwira miyendo. Mantha amenewo ambiri anabzalidwa kunyumba. Tikasandutsa jekeseni kukhala chilango, mwana amabisa kuti akudwala, ndipo malungo salola kuchedwa. Chimodzimodzi ndi apolisi: mwana akasochera mumsika wa Limbe kapena pa depoti ya mabasi, munthu amene ayenera kumuthamangira ndi wapolisi yemweyo amene tinamuuza kuti amagwira ana.

Apa ndi pamene ine ndimaikapo malire osasuntha. Fisi wa m'nthano sangapwetekedwe ndi mawu athu. Koma tikaveka chilombo nkhope ya munthu weniweni, kaya ndi namwino, munthu wodwala matenda a maganizo, munthu wachialubino, wolumala, mzungu wodutsa pamsewu, kapena gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndiye kuti taphunzitsa mwana kuti anthu ena si anthu. Ana amene amagenda wodwala misala pamsika sanabadwe choncho.

Nanga anamapopa ndi afiti?

Zimenezi zadutsa pa msinkhu woopsezera ana, chifukwa akuluakulu amazikhulupirira ndipo magazi akhetsedwa. Mphekesera za anamapopa zinavuta kum'mwera kumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003. Zinabukanso mu Sepitembala 2017 ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Palibe wopopa magazi ngakhale mmodzi amene anapezeka ndi umboni. Amene anafa anali anthu wamba.

Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ataganiziridwa ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kuuza mwana kuti "usadye kwa agogo aja, amatamba" si kumuteteza. Mwanayo adzakanena kusukulu, adzalota, ndipo maloto akewo tsiku lina akhoza kutengedwa ngati umboni pabwalo.

Kodi pali dziko limene linaletsapo zimenezi?

Ku Iceland mu 1746, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Denmark, kunatuluka lamulo loletsa makolo kuopseza ana ndi Grýla ndi ana ake. Nthanozo sizinafe, koma zinafewa m'kupita kwa nthawi, moti lero ana 13 aja ndi amene amaika timphatso m'nsapato za ana masiku 13 Khirisimasi isanafike. Kuno kwathu palibe lamulo lotchula zilombo za m'nthano, koma lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limateteza mwana ku nkhanza, kuphatikizapo zomuvulaza m'maganizo.

Ndiye tisiye kukamba nthano zoopsa?

Ayi, chonde musasiye. Zikutha kale zokha chifukwa cha mafoni ndi wailesi yakanema, ndipo zimene ana akuona pa YouTube ndi TikTok ali okhaokha n'zoopsa kuposa chimphona chilichonse cha agogo. Nthano imapatsa mwana mpata wolawa mantha ali pamalo otetezeka, n'kuona mwana wamasiye kapena kamtsikana konyozeka kakugonjetsa chinthu chachikulu ndi nzeru. Imamupatsanso Chichewa chozama, nyimbo, ndi miyambi imene sangaipeze m'kalasi.

Chofunika n'kusiyanitsa nthano ndi chiopsezo. Nthano ili ndi khomo lolowera, "padangokhala", ndi khomo lotulukira, ndipo mwana amadziwa kuti zathera pomwepo. Chiopsezo chilibe khomo lotulukira. Muziyang'ananso nkhope ya wamng'ono kwambiri pagululo. Akayamba kunjenjemera milomo, fupikitsani nkhaniyo ndipo fisi agwe m'mbuna msanga.

Mwana wanga akuopa kale mdima. Nditani?

Musamuseke ndipo musamunene kuti ndi wamantha. Mufunseni chimene akuopa n'kumvetsera mpaka amalize. Ngati ndi inu amene munamuuza za chilombocho, muuzeni poyera kuti kulibe ndipo simudzamupereka kwa wina aliyense. Tengani tochi muyende naye limodzi kukaona kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi ndi njira ya kuchimbudzi, tochiyo ili m'manja mwake. Kanyale ka sola kosiyidwa koyaka usiku kamathandiza, ndipo muzimuperekeza kuchimbudzi mpaka atanena yekha kuti akhoza. Ana ena amamasuka akajambula chinthucho papepala n'kuchipatsa dzina loseketsa.

Mantha akapitirira kwa milungu yambiri, kapena mwana akamaopa munthu wina wake kapena nyumba ina yake, musafulumire kunena kuti ndi nthano zija. Mufunseni modekha muli awiri, ndipo pitani naye kuchipatala kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi.

Amene amamuopseza ndi agogo ake. Ndiwauze bwanji osawakhumudwitsa?

Osawadzudzula pamaso pa mwana, ndipo ngati ndi apongozi, ndi bwino mwana wawo weniweniyo ndiye alankhule. Sankhani nthawi imene mwakhala phee, mwina mukusenda nandolo kapena mukumwa tiyi, n'kuyamba ndi zimene mwaona: "Amayi, mdzukulu wanuyu masiku ano sakugona, akumadzuka akulira za fisi. Tithandizeni, inu ndi amene amakumverani." Mukatero mwawaika pamalo a wothandiza, osati wolakwa.

Kenako apempheni chimene ali nacho chochuluka kuposa inu. Awakambire adzukulu nthano yonse mpaka pamene fisi akugonja, awaphunzitse nyimbo yake, ndipo pa za chitsime ndi msewu awauze zinthu zenizeni zimene anaona ndi maso awo m'mudzimo. Akaiwala n'kutchulanso chilombo tsiku lina, musakwiye. Dikirani madzulo muuze mwanayo kuti agogo amangofuna kuti asavulale, ndipo mukambiranenso nawo mawa lake.